Oseka m'Nyumba ya Namfedwa

Amene anayambitsa zonsezi ndi alamu anga a Eleanor, achemwali awo a malemu amuna anga a Rodwell. Ndawatchula dzina dala, asadzanene kuti ndinawajeda kumbali.

Linali Lamulungu masana. Ndinali nditangofika kuchokera ku Dún Laoghaire, kunyumba yosungirako okalamba kumene ndimagwira ntchito, mapazi atatupa ngati mabanzi. Ndinavula nsapato, ndinayatsa TV, ndinaponyamo disiki, ine uyo kukhitchini kukatenthetsa nyemba zadzulo. Foni inalira. A Eleanor, kuchokera ku Ntcheu.

"Alamu, mwaswera bwanji kumeneko?"

"Ndaswera, kaya inu."

"Ife tilipo. Koma kodi muli kuti?"

"Kunyumba."

"Muli ndi alendo?"

"Alendo ati? Ndili ndekha."

Ndisanatseke n'komwe pakamwa, pabalaza panaphulika chikhakhali cha anthu ngati thu handiredi, amuna ndi akazi, ena mpaka kuwomba m'manja ndi kuimba likhweru.

"Nokha," anatero a Eleanor, mawu akuwakoka ngati chingamu. "Chabwino. Pitirizani, tisakusokonezeni."

Anadula. Ndinaimbanso, osayankha. Ndinalemba kuti ndi TV, anawerenga, osayankha. Pofika pakati pa sabata nkhani inali itazungulira Ntcheu yense n'kubwerera kuno ku Dublin yopanda tikiti: mkazi wa Rodwell akuchititsa maphwando m'nyumba, zakuda zili m'thupi. Wina anawonjezera kuti panamveka mabotolo. Wina anati panali mwamuna wa mawu aakulu amene ankaseka ngati mwini nyumba. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandipeza pa Moore Street ndikusankha therere, anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kunsapato, n'kusamutsira mwamuna wake mbali inayo. Mwamuna wakeyo mutamuona! Ngakhale atandipatsa ndi nyumba yomwe, ndingabweze.

Ndifotokoze za madisikiwo. A Rodwell anali munthu wabwino, koma anali ndi nthenda imodzi: sewero la azungu a ku Britain, lakalekale, la pa TV ya kwawoko. Si sewero loti lili ndi mutu ndi mchira ayi. Ndi tizidutswa. Amuna anayi ndi mkazi mmodzi, pano ndi madokotala, ukaphethira ndi apolisi, ukapita kukasuzumira mphika wina wavala diresi la agogo ake. Dzina lake ndi Chingerezi chachitali, ine ndinkangoti Amisala. A Rodwell anayamba kulikonda tili kuhositelo, nthawi imene tinkadikira mapepala otilola kukhala m'dziko muno. TV inali imodzi ya tonse, ndipo sewerolo likangoyamba anyamata ankasintha kuti aonere mpira. Zimenezi zinkawawawa kuposa chakudya cha kumeneko.

Titapeza kafulati kathu kufupi ndi Parnell Street, tsiku lina ndinawatuma mafuta ophikira. Anabwera atakumbatira kabokosi kofiira ngati khanda lochokera kuchipatala. Anakapeza m'shopu ya kaunjika. M'kati madisiki ali ndondondo ngati mabisiketi, ndi kabuku ka zithunzi.

"Sellina, zonse zilimo! Ngakhale zimene sanaonetse pa TV!"

"Mafuta?"

Mafuta analibe.

M'sewero limeneli muli anthu osaoneka amene ntchito yawo ndi kuseka basi. Munthu akagwa, aseka. Akatsegula chitseko, aseka. Akangoima osachita kanthu, ndiye mpaka kutsokomola. A Rodwell ankati ndi anthu amene anali muholo tsiku lojambula, ndipo ambiri a iwo anamwalira kale. Ndinkawauza kuti ndiye mukuseka ndi mizimu. Ine sindinasekepo. Zaka zonsezo, ngakhale kamodzi. Si nkhani ya Chingerezi ayi. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma Chingerezi chokanganira ndi nesi ndili nacho chokwanira. Nkhani ndi yoti mwamuna wamkulu, wandevu, kuvula chipewa n'kumapepesa kwa chitseko chimene wachigunda yekha si nthabwala. Ndi matenda, ndipo kuntchito kwathu timawapatsa mankhwala.

A Rodwell anagwa kuntchito chaka chatha, nyengo yozizira. Mtima. Sanatsanzike, sanadwale n'komwe kuti munthu uwaphikire phala, ndipo ndikadali nawo mkwiyo pa zimenezo. Amalawi akuno anasonkha, thupi linapita kumudzi. Ine sindinapite. Mapepala anga atsopano anali asanatuluke, ndikanatuluka m'dziko muno sindikanabwereranso. Mwana wathu Tisungane amakhala ku Lucan kumene amagwira ntchito, ndiye nyumba inangoti zii. Ndinayamba kumaponya madisiki aja ndikamaphika kapena kusita. Osati kuonera. Phokoso chabe.

Tsono chaka chinali chitakwana, ndipo akuchimuna anali atavomera kale kundisudzula kumapeto kwa mwezi, kundimasula kuti ndivule zakuda ndikhalenso munthu. Ndinkazidikira ngati mvula, chifukwa mwezi wotsatirawo kunali chinkhoswe cha Tisungane, muholo ya ku Lucan. Nsalu anasankha kale, yachikasu ya maluwa obiriwira. Mayi wa mwana ali m'zakuda savina, sawomba nthungululu, amakhala pakona ngati thumba la makala. Ine mwana ndinabereka mmodzi. Chinkhoswe chake ndi chimodzi chomwecho.

A Eleanor analengeza pa gulu la banja la pa foni kuti kusudzula kwaimitsidwa mpaka nkhani ya maphwando ifufuzidwe.

Tisungane anakulira kuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Anati ndingovula zakudazo ndekha, ndani aone, Dublin yense amavala zakuda. Pamenepo sananame. Chaka chathunthu ndalira mwamuna wanga m'mabasi a mumzinda uno, azungu akungoona ngati ndi fashoni. Koma ndinamuuza kuti ndikavula ndekha ndiye kuti ndavomera bodza lawo, ndipo tsiku la chinkhoswe azimayi onse adzakhala akuyang'ana ine m'malo moyang'ana iye. Ndinkafuna amene anandiveka andivule okha, pakamwa pawo pomwepo.

Akuchimuna anatuma a Benedicto.

A Benedicto ndi ang'ono awo a malemu. Kumudzi amagwira ntchito m'boma, kuno anabwera ndi sikolashipu kudzachita masitazi a za madzi. Ndi munthu amene ngakhale pa chithunzi cha ukwati wake amaoneka ngati akumvera chigamulo cha khoti. Anafika Loweruka masana atamanga tayi, nkhope ataikonzeratu pa masitepe.

"Alamu, ndatumidwa."

"Ndikudziwa. Pukutani nsapato."

Anapukuta. Analowa n'kuima pakati pa balaza, manja kumbuyo, maso uku ndi uku. Balaza langa munthu ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri. Muli mipando iwiri, tebulo, TV, ndi chithunzi cha a Rodwell.

"Fufuzani bwino," ndinatero. "Ena abisala mufiriji. Wa mawu aakulu uja ali pansi pa sinki."

"Alamu, musandivute. Achemwali akuti anamva ndi makutu awo."

"Makutu awo ndi abwino. Mutu ndi umene wawalakwira. Mumwa tiyi?"

"Ndili pa ntchito ya banja."

"Ndiye simumwa?"

"Wamkaka."

Ndinawapatsa tiyi, ndinawapatsa kabokosi kofiira. Anakatembenuza, anavala magalasi, anayamba kuwerenga kumbuyo kwake timalemba tating'ono tija timene munthu wabwinobwino sawerenga. Kenaka nsidze zinakwera.

"Alamu, munadziwa kuti osekawa amazimitsika?"

"Amatani?"

"Alemba apa. Opanga madisiki anaikamo mwayi woti munthu aonere popanda oseka. Mumangosankha ndi rimoti."

Zaka zonsezo! A Rodwell, munthu wowerenga kabuku ka zithunzi kaja mpaka kukathothola masamba, ankadziwa ndithu, n'kundisiya ine ndikuphika m'phokoso la mizimu. Ndinayang'ana chithunzi chawo pakhoma. Ankamwetulira.

A Benedicto anasangalala mwa njira yawo, kutanthauza kuti anakonza tayi. Anati umboni wapezeka woti munthu aliyense angauone. Tiimba kumudzi pa vidiyo, tiwaonetsa oseka akuseka, kenaka tiwazimitsa ndi rimoti, tiwayatsanso. Khamu la anthu enieni silimvera rimoti.

"Nzeru zimenezo," ndinatero. "Koma chidutswa choonetsa ndisankha ine."

"Chilichonse, alamu. Zonse ndi chimodzimodzi."

Si chimodzimodzi. Ine a Eleanor ndimawadziwa. Mukawatsekera khomo amalowera pawindo. Ndinadziwa kuti nkhani ya phwando ikagwa adzatola ina pomwepo, ndiye ndinatulutsa disiki imene inali ndi zala zambiri za a Rodwell, ndinaipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuiika pambali.

Foni yanga inalumikizika. Choyamba tinaona mphuno za a Eleanor, chifukwa foni amaigwira ngati galasi loonera ziphuphu. Kenaka anaiyedzamiritsa penapake, tinaona khonde la golosale yawo, ndi malume a Manfred atakhala pa mpando, chipewa pabondo. A Manfred ndi malume awo a malemu, ndiwo ankhoswe athu, ndipo mawu omaliza pa kusudzula ndi awo. Anagwira ntchito ya ukondakitala wa basi mpaka kupuma, ndiye amayankhula mokuwa ngati injini ikadali kulira. Kumbuyo kwawo kunkaoneka mapewa ndi maduku a anthu amene anangobwera kudzagula sopo n'kuiwala kubwerera.

Tinapatsana moni. A Manfred anafunsa ngati kuno kukuzizira, ndinati kukuzizira. Anati a Eleanor anene nkhani yawo.

A Eleanor anainena ngati akuwerenga kalata ya Paulo. Mchimwene wawo sanathe n'komwe kuwola, mkazi wake wadzaza anthu m'nyumba. Iwo anamva okha. Anthuwo sankaseka kuseka kwa tiyi ayi, kunali kuseka kwa mowa.

"Benedicto, wapeza chiyani?" anakuwa a Manfred.

A Benedicto anazungulitsa foni nyumba yonse, zimene sizinatenge nthawi. Kenaka anailozetsa ku TV, n'kuyatsa disiki imene inalimo kale. Mzungu wina anagwa pa makwerero. Chikhakhali chinaphulika.

"Ndi omwewo!" anakuwa a Eleanor. "Ndi omwewo anthu ake! Mayi akuseka mokweza uyo ndamuzindikira!"

"Achemwali, taonani." A Benedicto anadina rimoti. Mzungu anagwanso, nyumba ili zii. Anadinanso, khamu linabwerera. Anadinanso, zii.

"Tabwereza," anatero a Manfred.

Anabwereza.

"Ha! Kukanakhala kachinthu kotero m'basi, ndikanakalamba bwino. Eleanor, anthu ako aja ndi awa. Ali m'waya."

Kumbuyo kuja maduku anagwedezeka. A Eleanor anakonza chitenje, ndipo ndinaona windo likutsegulidwa.

"Chabwino, ndi a m'waya. Nanga si zoipa kuposa? Munthu ali pa maliro n'kumaika kuseka kogula m'sitolo m'nyumba ya malemu? Amaika chifukwa chiyani ngati sasekera nawo limodzi? Chaka chonse ife tikulira kuno, iwo mano ali pamtunda. Kulira kwake kuli pati pamenepo? Ine ndikuti ayambirenso chaka china, alire zenizeni."

Chaka china. Ndinadzigwira, chifukwa munthu ukatchera msampha supondapo wekha.

"Malume," ndinatero, "ndipemphe chinthu chimodzi. Muonere chidutswa chimodzi chokha, osekawo atazimitsidwa, kuti pasakhale wobisala kumbuyo kwa mnzake. Alamu a Benedicto agwire foni muone TV, koma maso awo akhale pa ine. Ndikangoonetsa dzino limodzi, ndivala zakuda chaka china, sindidzadandaula."

"Mwamva nonse?" anakuwa a Manfred. "Wanena yekha. Ikani."

Ndinaika disiki yanga ija. Chidutswa chake ndi chimene chinawagwetsapo a Rodwell pa mpando mpaka kuthyola kapu yanga ya maluwa. Mulibe mawu ambiri, sichifuna sukulu.

Amuna anayi ovala zakuda, zipewa zazitali ngati zigubu, anyamula bokosi la maliro pa mapewa. Atatu ndi ataliatali. Wachinayi ndi wamfupi, phewa lake silifika, ndiye amangoyenda pansi pa bokosi atakweza dzanja, chala chimodzi chikukhudza thabwa, nkhope atakwinya ngati katundu yense ali pa iye. Akamapuma anzake, iye ndiye amapukuta thukuta kwambiri.

Ine ndinapinda manja, maso pa khoma.

Afika pa khomo la tchalitchi. Khomo ndi lopapatiza. Akutsogolo aima, akuti akumbuyo ayambe ndiwo kulowa, mwaulemu. Atembenuka ndi bokosi. Tsopano akumbuyo aja ali kutsogolo, nawonso akuti ayi, sitingayambe ife, yambani ndinu. Atembenukanso. Bokosi likungozungulira pakhomo ngati chigayo, wansembe akuweramira pansi likamadutsa, kudzuka, kuweramanso.

Ndinamva kaphokoso. Khwi. Kanachokera m'mphuno mwa a Benedicto. Anatsokomola kuti akaphimbe.

"Benedicto, gwira bwino foni, ikunjenjemera!"

"Ndi netiweki, malume."

"Netiweki ili ndi mapewa?"

Mvula yayamba. Anayi aja ayang'anana, ayang'ana kumwamba, anyamuka ndi bokosi lawo kukabisala m'tiyirumu ya tsidya la msewu. Aima pa mzere, bokosi lili pa mapewa, kudikira nthawi yawo. Wamfupi uja ndi chala chake.

"Wamfupiyo akunama!" anaphulika a Manfred. "Sakunyamula kanthu! Eleanor, si Fredrick wa m'mudzi muno uyu? Ndi mmene anachitira Fredrick pa maliro a Rodwell, kuchokera panyumba mpaka kumanda, kenaka n'kumapempha mankhwala a msana!"

Atatero anamasuka. Kuseka kwa a Manfred kuli ngati basi yokana kulira m'mawa, kumayamba ndi kutsokomola kenaka nyumba yonse imagwedezeka. Chipewa chinagwa pabondo. Ogula sopo aja anatsatira. A Benedicto anayesa kuluma mlomo, anayesa kuyang'ana kudenga, kenaka anangokhala pansi pa kapeti ndi tayi yawo, foni ili m'mwamba, misozi ili chuchuchu. Ndinaona mano awo koyamba chikwatiwire m'banja limeneli. Ali ndi mpata pakati.

"Malume!" anakalipa a Eleanor. "Malume, pali ana pano!"

Iwo okha ndi amene anatsala, milomo ataimanga ngati thumba la ufa. Ndinadikira. Ndinkadziwa chimene chikubwera.

M'tiyirumu muja atsitsa bokosi pambali pa benchi lalitali, amwa tiyi wawo, apukuta pakamwa. Mvula yakata. Avala zipewa, awerama onse pamodzi, anyamula, atuluka mwaulemu wonse. Koma chimene anyamula ndi benchi, ndipo pa benchipo pakhala gogo wina ndi kapu yake m'manja. Gogoyo sakuwa ayi. Angoyang'ana pansi, ayang'ana kutsogolo, n'kupitiriza kumwa tiyi, amuna aja akulowera naye kutchalitchi.

A Eleanor analira ngati nkhuku yopondedwa. Anaponya chitenje kumaso, koma chitenje sichibisa mapewa. Anadzuka kuti athawire m'golosale, anagunda kreti ya mabotolo, n'kukhalanso pansi akugwira nthiti.

Ndinatenga rimoti, ndinazimitsa TV. Ndinalanda foni m'manja mwa a Benedicto, ndinaiyedzamiritsa ku chitini cha shuga, ndinakhala patsogolo pake.

"Mwatha? Pukutani misozi ndiyankhule. Alamu a Benedicto, munatumidwa kudzaona nkhope yanga. Auzeni. Ndaseka?"

"Simunaseke, alamu."

"Dzino langa mwaliona?"

"Ayi."

"Nanga amene aseka bokosi la maliro, pamaso pa namfedwa, m'nyumba ya malemu, ndani?"

A Manfred ankafufuza chipewa pansi.

"Pa maliro a amuna anga ine kunalibe. Ndinaonera pa kafoni komweka, nditakhala pa mpando womwewu. Ndinaona adzukulu okumba manda atavala jekete la a Rodwell, akuyenda mopendama ngati eni ake, akuitanitsa tiyi wa shuga wambiri. Ndinaona azimayi m'siwa akuseka misozi ili m'masaya. Inu alamu a Eleanor munagwira nthiti ngati mmene mwagwirira leromu. Sindinakudzudzuleni. Ndi mwambo, ntchito ya adzukulu ndi imeneyo, kuti ofedwa asatsatire wakufa. Inu munali ndi adzukulu. Munali ndi azimayi ogona nanu pamphasa, munali ndi kwaya, munali ndi mudzi wonse. Ine foni itazima ndinatsala ndi firiji ikulira. Neba wanga analowetsa khadi pansi pa chitseko n'kuthawa ngati waba. Ndiye ndinadzipezera adzukulu anga m'kabokosi ka amuna anga. Sandiseketsa, ndi zitsiru, ndinawauza a Rodwell ali moyo ndipo ndikubwereza. Koma amabwera tsiku lililonse, ndipo sanakandinenerepo bodza ku Ntcheu."

Ndinalekera pamenepo kuti ndipukute m'maso, nkhani isanathe. Zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndinali ndi zina zitatu zoti ndiwauze a Eleanor.

A Manfred anavala chipewa, anachivulanso.

"Eleanor, uli ndi mawu?"

"Ine ndimangonena zimene ndinamva," anatero a Eleanor kuseri kwa chitenje.

"Wamva zambiri lero. Mayi a Tisungane tiwasudzula pompano."

"Pompano? Malume, osakonzekera? Anthu sitinawaitane!"

"Anthu ndi awa adzaza khonde osagula kanthu. Foni ili ndi mayunitsi lero, zamawa sindikudziwa. Benedicto, dzuka pansipo, ukuchititsa manyazi boma. Iwe ndiwe mng'ono wa malemu, uimira ife. Uike kanthu m'manja mwa alamu ako, chizindikiro choti tawamasula. Kandalama kalikonse."

A Benedicto anadzuka, anakonza tayi, anayamba kusisita matumba. Anatulutsa khadi la kubanki. Khadi la basi. Khadi la kulaibulale. Kuno munthu umatha mwezi osagwira ndalama m'manja, paliponse n'kungogunditsa khadi.

"Malume, ndilibe kashi."

"Munthu wa masitazi, wopanda ngakhale kobiri? Kodi kumeneko mumapereka chiyani kutchalitchi?"

"Pali kamakina, malume."

"Mayi a Tisungane, m'nyumbamo mulibe kandalama mum'bwereke?"

"Ndidzisudzule ndi ndalama yanga? Ayi, malume. Afufuze."

Anafufuza mpaka anatulutsa makiyi. Pa makiyipo panali kachitsulo kozungulira kotsegulira matrole a m'supamaketi, kamene munthu amalowetsa m'malo mwa ndalama. Anakaonetsa ku foni mwamanyazi.

"N'kachitsulo?" anafunsa a Manfred.

"Eya."

"N'kozungulira?"

"Eya, malume, koma sikagula kanthu."

"Nanga tikugula munthu ngati? Kamagwira ntchito yanji?"

"Kamamasula trole pa tcheni."

"Ndiye ukufunanso chiyani? Pereka."

Ndinagwada pa kapeti, kutsogolo kwa chitini cha shuga. Mawondo analira, koma ndinagwada. A Benedicto analimbana ndi waya wa makiyi mpaka chikhadabo chinathyoka, kenaka anaika kachitsulo kaja m'manja mwanga ndi manja awiri. A Manfred anatsitsa mawu, koyamba chiwadziwire.

"Mayi a Tisungane, mwana wathu munamusunga bwino kudziko la eni. Munamulira nokha, ife sitinakuthandizeni. Akuchimuna tilibe nanu mlandu. Kuyambira lero ndinu omasuka. Vulani zakuda. Pakhomo pathu mpanu, mukadzabwera mudzafikire pompano."

Ndinamasula duku. Mutu unamva mphepo. Mayi wina mwa ogula sopo aja anawomba nthungululu, anzake analandira, ndipo a Manfred anayang'ana a Eleanor mpaka nawonso anatulutsa kawo, kakafupi, kouma ngati chimanga chokazinga. Ndinakalandira. Ndinali nditakagwirira ntchito.

"Tsopano," anakuwanso a Manfred, "Benedicto, tabweza pamene afika pakhomo la tchalitchi paja. Sindinaone bwino, maso anadzaza madzi. Ndipo muitane Fredrick adzadzione."

Ndinawasiya a Benedicto atakhala pa mpando wa akulu awo, foni m'dzanja limodzi, rimoti m'dzanja lina, Ntcheu yense akudikira gogo wa pa benchi. Ine ndinalowa kuchipinda, ndinakoka sutikesi pansi pa bedi. Zovala zanga za mitundu zinali momwemo mmene ndinazipindira, zikununkha chinyontho. Ndinavala bulauzi yofiira. Mabatani awiri anakana, ndinawasiya.

Foni yanga inali pa ntchito ya banja, ndiye ndinatenga ya a Benedicto pa tebulo osapempha, n'kuimbira Tisungane. Anayamba ndi Chingerezi chake, kufunsa ngati zonse zili bwino.

"Khala chete umve," ndinamuuza. "Nsalu yachikasu ija upite nayo kwa telala Lolemba. Umuuze kuti m'chiuno asathinitse, asiye malo. Ndipo wojambula vidiyo umuuze kuti tsiku limenelo ayende pambuyo panga, chifukwa azakhali ako a Eleanor ndikufuna adzaone bwinobwino."